Msomali M'phazi la Mayi Chitsulo

Ntchito za Kezia zinkayamba tambala wa kwa a Merle, oyandikana nawo nyumba, asanalire kachiwiri. Kumasula mbuzi n'kukaimangirira patsinde pa mango. Kutsegulira nkhuku. Kutunga madzi muthanki ya kuseri, ndowa zitatu. Kuwiritsa tiyi wa koko, wa amayi ake wopanda shuga. Kuika mapiritsi awiri pakambale n'kuimirira pomwepo mpaka amezedwe. Kenako kusita yunifolomu n'kuthamangira minibasi ya ku Sauteurs, kusukulu. Pobwerako kugula nsomba ya mchere, kusenda nthochi zaziwisi mpaka manja ade bii ndi utomoni, kuphika, kutsuka mbale, kukatenga mbuzi ija. Zonsezi sankadandaula nazo kwenikweni. Imene inkamutopetsa mtima inali ntchito yomaliza, ya mapazi.

Amayi ake, a Ismay, anali atadwala shuga zaka zisanu ndi zinayi, ndipo shugayo anali atawononga mitsempha ya m'miyendo. Masana mapazi awo ankachita dzanzi kuyambira kuzala mpaka mu akakolo. Ukawatsina sankamva. Koma akangoti agone, mapazi omwewo ankayaka moto ndi kulasa ngati singano, moti ngakhale nsalu yofunda ikakhudza zala ankaitukwana.

Nesi wa kukiliniki, a Augustine, anamuitanira Kezia pambali tsiku lina.

"Mapazi a mayi akowa sangathe kudzinenera okha," anatero. "Pakamwa pawo ndiwe. Tsiku lililonse dzuwa lisanalowe uziwatsuka ndi madzi ofunda. Madziwo uziyesa ndi chigongono chako, osati ndi phazi lawo. Upukute pakati pa zala, uyang'ane kunsi. Ukaona chilichonse, ngakhale kathuza, uthamangire kuno. Ndipo asamayende opanda nsapato."

Kezia anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma ankadziwa kuti lamulo lomalizalo ndi lokhalira m'kiliniki momwemo. Amayi ake ankagwira ntchito yoponda koko kuesiteti. Njere za koko zikatuluka m'mabokosi ovundikira zimayalidwa pa mathandala akuluakulu a matabwa, ndipo pakatha theka la ola lililonse munthu amakwerapo n'kumakhwekhwereza mapazi kuti njerezo zitembenuke, ziume mofanana. Pathandala sipakwera nsapato. Nsapato imaphwanya njere, ndipo chiyambire nthawi ya makolo palibe anakwerapo nayo.

Dzuwa likafika paliwombo njere zinkatentha ngati mchenga wokazingira mtedza. Amayi ena onse ankangothamanga mizere iwiri n'kudumphira pansi, akupemerera mapazi. A Ismay okha ndiwo ankayenda mwachifatse, manja kumbuyo, akuimba. Anzawo anawatcha Mayi Chitsulo. Kapitawo, a Lennox, anawapatsa zigawo zonse za masana, chifukwa ndiyo nthawi imene alendo a pa sitima zapamadzi ankafika ndi makamera awo. A Ismay ankalikonda dzinalo kuposa lawo lenileni.

Mkangano unabuka Lolemba madzulo. A Ismay anakhala pakhonde, Kezia atagwada pansi ndi beseni. Kope lake la sayansi linali pa sitepe pafupi naye, poti mayeso ankayamba Lolemba lotsatira ndipo ankaba mizere iwiri itatu uku akutsuka.

"Amayi, apa pafiira. Pansi pa zala zing'onozing'onozi khungu layamba kusupuka."

"Paka mafuta, usiye zolongolola."

"Mwapsa ndi koko. Anesi aja ananena kuti..."

"Anesi, anesi! Nsomba wadyayo agula ndi anesiwo? Akufuna ndikwere pathandala ndi nsapato ngati ndikupita ku ukwati?"

"Ndiye auzeni a Lennox akupatseni zigawo za m'mawa. A Merle amakana za masana, bwanji inu?"

"Merle mapazi ake ndi a khanda. Pa esiteti yonse ija woyenda masana ndine ndekha."

"Chifukwa simumva! Anthu akukuomberani m'manja kuti Chitsulo, Chitsulo, inu mukuphikika ngati nthochi mumphika. Si mphamvu zimenezo, Amayi, ndi matenda."

A Ismay anatsomphola phazi lawo m'manja mwake. Phazilo linagunda beseni, kaya mwadala kaya sanalimve, ndipo madzi onse a sopo anakhuthukira pakope lija. Inki inasungunuka n'kuyenderera pa sitepe.

"Kope langa! Notsi za temu yonse!"

"Ukanaliika patali. Ndinakubereka ndine, iwe mwana. Ndinakuchapira matewera mpaka zala kusweka, lero uzinditembenuza mapazi ngati ukusankha nsomba pamsika?"

Kezia anaimirira, siketi ikudontha madzi.

"Chabwino. Mapazi ndi anu. Sindidzawagwiranso."

"Anakupempha ndani?"

Lachiwiri Kezia anagwira ntchito zake zonse, koma mbale zinkalira ndipo mbuzi inakokedwa ngati yaba. Kope analiyanika padenga la khola la nkhuku tsamba ndi tsamba. Theka la masambawo silinkawerengeka. Dzuwa litapendeka beseni linakhala chivundikire kuseri kwa chitseko, ndipo palibe analitchula.

Lachitatu, akuchokera kusukulu, anawaona amayi ake patsogolo akukwera mtunda wa kunyumba. Patapata ya kumanja inavuka n'kutsalira pamsewu, iwo n'kumangopitabe ndi imodzi, osadziwa. Kezia anaitola, sanawaitane. Anayenda kumbuyo kwawo mpaka kunyumba n'kuiponya pakhonde.

Lachinayi ndilo tsiku limene Kezia sadzaliiwala. Anakhala patebulo akukopera notsi za mnzake. Amayi ake anadutsa kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini, opanda nsapato, pasimenti. Ndiye anamva kaphokoso. Tche. Kenako chete. Tche. Phazi lamanzere likaponda kunali zii, lamanja likaponda, tche, ngati wina akugogoda simenti ndi kandalama. Kezia anasiya kulemba. Anatsegula pakamwa, koma maso ake anagwera pakope lija, lofufuma ngati buledi wonyowa. Anatseka pakamwa. Mwina ndi kamwala, anadziuza. Mapazi ndi awo. Anapitiriza kukopera.

Lachisanu a Ismay anabwera akutuluka thukuta, n'kukana chakudya. Anati ndi chimfine. Anagona dzuwa lisanalowe, osatukwana n'komwe nsalu yofunda.

Loweruka linali tsiku la sitima. Kezia ananyamula nkhomaliro ya amayi ake n'kutsetserekera kuesiteti, nkhope ili gwa. Pamthunzi wa shedi anapeza a Merle, mnzawo wa amayi ake komanso woyandikana nawo nyumba, akudzipepesa ndi chipewa.

"Eee, adokotala afika! Lero mwatibweretsera jakisoni kapena nsomba?"

"Nsomba, Anti. Amayi ali kuti?"

"Ali kuti, ngati sukudziwa. Si awo akuvinira azunguwo. Koma iwe, mayi ako lero akuyenda ngati alawa kachasu. Ndawauza kuti apume, andiyankha kuti ndizisamala za mwamuna wanga. Ine mwamuna ndimutenga kuti?"

Alendo okwana makumi awiri anazungulira thandala lalikulu, mafoni m'mwamba. A Lennox, atavala malaya awo oyera a masiku a sitima, ankafotokoza mokweza. Pakati pa njere zofiirira a Ismay ankakhwekhwereza mapazi, manja kumbuyo, koma nyimbo panalibe. Kezia anayandikira. Phazi lamanja linali litatupa mpaka kunyezimira. Ndipo mu mzere umene phazilo linkatsegula, pamatabwa poonekera, pankatsala madontho onyowa, akuda.

Kezia anaponya nkhomaliro pansi. Anavula mapatapata, poti ngakhale ali wokwiya chotani mwana wa woponda koko sakwera ndi nsapato, n'kudumphira pathandala. Moto unamuluma nthawi yomweyo. Anafuula, n'kuyamba kudumphadumpha ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, ndipo alendo ena anaseka poyesa kuti ndi mbali ya chionetsero. Aka kanali koyamba kuti aponde njere za masana. Amayi ake ankayenda m'menemo tsiku ndi tsiku.

"Amayi, tsikani!"

"Ukutani pano iwe? Choka!"

"Tsikani, mukutuluka magazi!"

"Iwe mtsikana!" anakuwa a Lennox. "Tsika pamenepo, alendo akujambula!"

"Azijambula! Vulani nsapato zanuzo mukwere inuyo, a Lennox. Mizere iwiri yokha, akujambuleni."

"Taona mwano wa mwana uyu! Mayi ako sanadandaulepo ndi tsiku limodzi."

"Adandaule bwanji, samva! Mumadziwa kuti ali ndi shuga. Nonse mumadziwa!"

"Kwerani bwana, tione," anatero a Merle akuyandikira. "Ife tikugwirirani malaya."

A Lennox sanakwere. Anangowerama n'kuyala chikhatho pa njerezo kuti amutsutse mwanayo. Sanafike powerenga mpaka zisanu. Anachotsa dzanja n'kulipukuta pa buluku.

A Ismay anali atafika pamene panali Kezia, maso ali psu.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu," anatero ndi mawu otsika, dzanja litakwezedwa. "Lero undiona."

"Menyani. Koma mundimenye mutakhala pansi."

Dzanjalo linaima m'malere. Kenako a Ismay anadzandira, ndipo akanagwera m'njere pakanapanda a Merle kuwagwira m'chiuno. Anawakhazika m'mphepete mwa thandala. A Merle anagwada n'kunyamula phazi lamanja, akusekabe pang'ono.

"Tiyeni tione chitsulo chotchukachi, mwina chachita dzi..."

Sanamalize. Anangoti, "Mayo ine, Ismay."

Pansi pa zala ziwiri zing'onozing'ono, pomwe paja panafiira Lolemba, panali mutu wa msomali, umodzi mwa ing'onoing'ono yokhomera zigamba za malata pamathandala akale. Unali utalowa wonse. Mutu wake unali utapukutika mbee ndi kuyenda. Khungu lozungulira linali lakuda, likutuluka mafinya, ndipo fungo lake linapangitsa mlendo wina kubwerera m'mbuyo.

"N'chiyani? Mukundiyang'ana chiyani nonsenu?" anafunsa a Ismay. Msana sunkawalola kuwerama kuti aone okha. A Merle anatulutsa foni, anajambula kunsi kwa phazilo n'kuwapatsa.

A Ismay anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Phazi la ndani limeneli?"

Mwadzidzidzi a Ismay anakunga chibakera n'kuyamba kudzimenya pamwendo, akulitukwana phazilo.

"Galu iwe! Galu wachabechabe! Ndikagona umandidzutsa ndi moto wabodza, singano zabodza. Msomali weniweni ukulowa, uli chete! Masiku onsewa osandiuza!"

Kezia anawagwira dzanja. A Lennox anabwera ndi pulayala kuti azule msomaliwo.

"Musakhudze!" anakuwa Kezia. "Kayatseni galimoto."

Munthu wamkuluyo anamvera ngati mwana wa sukulu.

Kukiliniki a Augustine sanakalipe, ndipo Kezia akanakonda akanakalipa. Anayang'ana phazi, anayeza kutentha kwa thupi, kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Unawayang'ana liti komaliza?"

"Lolemba."

Anesiwo anamuyang'ana, n'kuyang'ananso amayi ake. Kenako anatenga pepala n'kulemba kalata ya kuchipatala chachikulu cha kutauni.

Lolemba la mayeso linamupeza Kezia pa benchi panja pa chipinda cha opaleshoni. Adokotala anatuluka nthawi ya nkhomaliro n'kumuuza kuti phazi alipulumutsa, koma zala ziwiri zing'onozing'ono zinali zitafa kale. Anawonjezera kuti msomaliwo unakhalamo masiku atatu kapena anayi, ndipo ukanaoneka msanga bwenzi akukamba za bandeji ndi mapiritsi basi.

Lachitatu masana, nthawi yoona odwala, Kezia anakhala pampando pafupi ndi bedi akusenda lalanje. A Ismay ankayang'ana kudenga. Phazi linali litakulungidwa ngati mtolo.

"Amayi."

"Mm."

"Lachinayi lija ndinaumva. Mukupita kukhitchini. Unkalira pasimenti, tche, tche. Ndinadziwa kuti si kamwala. Ndinangokhala chete chifukwa cha kope lija."

A Ismay anatembenuza mutu. Nkhope yawo inalimba, ndipo Kezia anadikira mawu amene ankawayembekezera masiku onsewo.

"Chifukwa cha kope," anatero a Ismay. "Zala zanga ziwiri, chifukwa cha kope."

"Eya."

Mayi wa pabedi loyandikana anayang'ana kukhoma. A Ismay anapuma mwamphamvu kangapo, manja atafinya nsalu. Kenako manjawo anamasuka.

"Makutu anga alibe shuga, Kezia. Nanenso ndinaumva."

Kezia anasiya kusenda.

"Kuyambira Lachitatu. Ndinkayenda paudzu dala kuti usalire. Ndinkati ndikakuitana unena kuti, 'Si ndinanena?' Ndiye anesi andiletsa kukwera pathandala." Anayang'ana phazi lokulungidwa lija. "Iwe sudziwa. Mapaziwa ndimakhala ngati ndabwereka kwa munthu wina. Pamsewu amandipunthwitsa, pogona amandiwotcha. Pathandala paja ndi pokhapo pamene munthu ankawayang'ana n'kunena kuti ndi abwino."

"Sanali abwino, Amayi. Ankapsa."

"Ndamva! Usayambenso. Ndili pabedi la chipatala, ukufuna ndilembe pa bolodi?" Anatambasula dzanja. "Bweretsa lalanjelo. Wasenda ngati ndi mano."

"Theka lokha. Anena adokotala."

"Taonani, wayamba kale."

Koma analandira thekalo.

Zimene nkhaniyi inadya ndi izi. Zala ziwiri za phazi lamanja. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi m'chipatala, ndi milungu isanu ndi iwiri yoyendera ndodo. Koko yense wa pathandala lija anakatayidwa kudzala, matumba atatu. Mbuzi inagulitsidwa, poti minibasi ya kutauni siyenda ndi chisoni. Kezia anaphonya mayeso a sayansi ndi a masamu, ndipo dzina lake linakhala pansi penipeni pa mndandanda wa kalasi kwa nthawi yoyamba. A Lennox anazula misomali yonse ya zigamba n'kupalitsa matabwa, ndipo masana koko amatembenuzidwa ndi zopalasira zamtengo munthu ataima pambali. Alendo amadandaula kuti sizikongola pachithunzi. A Ismay sakweranso pathandala. Amakhala mushedi kusankha njere zophwanyika, atavala masokosi oyera ndi nsapato zotseka zimene amazida, ndipo asanazivale amazikutumula n'kupisamo dzanja. Dzina la Chitsulo linatha, kupatula pakamwa pa a Merle, amene amawatcha Chitsulo Chadzimbiri.

Dzanzi silinachoke. Moto wa pogona uja mapiritsi atsopano anangouchepetsa, ndipo masiku ena a Ismay amaitukwanabe nsalu. Msomali uli m'kabotolo ka jamu pawindo la kukhitchini.

Ntchito za Kezia zachepa ndi imodzi, ya mbuzi. Yomaliza ija ilipobe. Dzuwa likapendeka a Ismay amatulutsa okha beseni, amaviika chigongono m'madzi, amasuntha makope onse pa sitepe n'kuwaika pampando. Kenako amakuwa:

"Iwe adokotala! Ndikudikirira mpaka liti? Zala zatsala zisanu ndi zitatu zokha, sizingakutengere tsiku lonse."